Msoko wa Phwasula

2 Meyi

Achemwali,

Muli bwanji kutauniko? Ife kuno tili bwino, kungoti denga la kukhitchini layambanso kudontha pomwe paja. A Malume akuti alikonza mawa, koma mawa lake ndi lomwe lija la chaka chatha.

Chimene ndakulemberani ndi nkhani ya makina osokera a amayi. Mwezi wamawa tikwanitsa zaka ziwiri chimwalirire achimwene athu, a Phwasula, kunkhondo kuja, ndipo makinawo akadali pakona, ovundikiridwa ndi nsalu yabuluu imene amayi anaponyapo tsiku limene asilikali anabwera ndi uthenga. Sanawakhudzenso. Batani la bulauzi likathothoka amangogwiriziza ndi phini, amayi omwe aja ankaimitsa anthu pamsewu n'kuwauza kuti mpendero wapotoka! Mphaka ndiye wasandutsa chopondera kukhala bedi lake.

Akuti akangowona singano amamva mawu awo omwe akukuwa. Mukukumbuka mmene zinkakhalira m'shopu muja: achimwene ndi dzanja lawo lamanzere lija, msoko uliwonse wopendekera, amayi kungosuzumira kamodzi, "Phwasula!" Iwo n'kuphwasula akuseka, kusokanso, "Phwasula!" mpaka msewu wonse unaiwala dzina lawo lenileni. Dzana ndinawamva amayi akuuza mayi wa makala kuti, "Mwana wanga sankatha kusoka ndi thumba lomwe, ndiye kuusilikaliko anamupatsa chikwama cha mankhwala kuti azisoka anthu amoyo. Kaya anapulumutsako ndani. Anangopita kukafa." Ine zinandiwawa, achemwali, ndinapita kuseri kukalira.

Tsono a Malume apeza telala wa kumsika woti adzatenge makinawo kumapeto kwa mwezi uno. Akuti akachoka m'nyumba muno chisoni chichepa. Amayi angoti, "Atenge." Ine ndikuopa kuti makinawo akatuluka pakhomo, amayi sadzadzukanso pampando wawo uja. Nenanipo kanthu, inu amakumverani.

Munditumizirenso mafuta odzola aja, kuno mphepo yayamba.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime


9 Meyi

Mzime wanga,

Kalata yako ndalandira. Ndili bwino, msana wokha ndi umene ukudandaula ndi kusita. Khala pansi kaye usanawerenge, chifukwa ine pamene zinkachitika ndinakhalira mulu wa makatani a eni ake.

Ukudziwa kuti kuno kochapira zovala ndine ndimasokerera mabatani amene makina ochapira athothola. Lachitatu masana ndinatulutsa mpando pageti kuti ndiothereko dzuwa, ndikusoka shati la bwana wina. Ndinalakwitsa, batani lapita pambali. Pakamwa panga panangotuluka pokha, "Phwasula!" Mlonda wathu wa pageti anali akumwa tiyi. Kapu inagwa, tiyi yense m'nsapato.

Mlonda ameneyu ndi bambo wachikulire, wadazi, mimba kutsogolo ngati wabisa beseni m'malaya. Tonse timawatcha a Khukhi poti ankaphikira asilikali. Amatsimphina pang'ono. Ndakhala ndikuwapatsa moni m'mawa uliwonse osadziwa kanthu. Anandiyang'ana n'kuti, "Mayi, mwaitana ndani?" Ine ndati palibe, ndi mawu a kwathu, komanso linali dzina la mlongo wanga. Iwo, "Wamanzere? Wa mpata m'mano? Woimba moipa?" Mzime, woimba moipa! Ndani winanso?

Anali gulu limodzi. Akuti chitsulo cha bomba chinawang'amba mwendo kuyambira pansi pa bondo mpaka m'ntchafu, ndipo amene anausoka ndi Phwasula wathu. Anafuna kundiwonetsa pomwepo pageti, ine ndati bambo, anthu akudutsa. Tinalowa m'kanyumba kawo kaulonda. Iwe, chipsera chake ndi msoko weniweni, timadontho ta singano tonse tikuwoneka, ndipo tonse tapendekera kumanzere! Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako a Khukhi nawo analira, mpaka galimoto ya bwana inaimba hutala pageti popanda wotsegula.

Ndaganiza kuti amayi awuwone mwendo umenewu ndi maso awo makina asanachoke. Mawu athu sawamva, koma msoko amaumva. A Khukhi avomera. Uwakonzekeretse pang'onopang'ono, ndipo a Malume uwachedwetse ndi telala wawoyo.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya simenti, mwamuna wa mnzanga wina, akuti adutsa kwanuko mawa. Mafuta ako ndibwera nawo ndekha.

Mkulu wako


16 Meyi

Mzime,

Moni nonse. Bwanji wangoti zii osayankha? Iyi ndaponya ku positi, ndikulemba mothamanga.

Monga ndinafotokozera, Loweruka likubwerali ndikubwera nawo bambo aja. Amayi wawauza? Usawadzidzimutse, koma adziwe kuti mtima wanga wakhazikika pa zimenezi, sindibwerera m'mbuyo. Ndi achikulire, onenepa, amadya kwambiri, ndiye uphike zokwanira. Ndi munthu wabwino, Mzime, chiwadziwireni ndikungolira ndi kuseka. Amayi akangowona mwendo wawo, amvetsa zonse.

Makina asachoke.

Mkulu wako


18 Meyi

Achemwali,

Tili bwino, koma inu ndiye muli bwino kuposa tonse! Bambo ake ati? Munafotokozera ndani? Ine kalata ina sindinalandire, ndangolandira iyi yonena za bambo achikulire amene akukulizani ndi kukuseketsani. Ayi zikomo kwambiri! Inu amene munakana mphunzitsi uja kuti ali ndi makutu aakulu, lero mwagwa ndi onenepa?

Ndinawerenga mokweza patebulo, osadziwa zomwe zili m'katimo, ndiye musandikwiyire. A Malume anatsamwa ndi madzi. Azakhali a kuseri amva kale, ndipo mukudziwa kuti akamva iwo ndiye kuti msewu wonse wamva. Mayi wa makala akufunsa ngati adzavale zofiira kapena zobiriwira.

Chokhacho chimene chatisokoneza ndi mwendo. Takambirana mpaka tiyi kuzizira. Azakhali akuti mwina ndi wamtengo. A Malume akuti mwina ndi katswiri wa mpira wopuma. Ine ndati mwina ndi mwendo wokongola basi, munthu amakonda zimene wakonda.

Amayi anamwetulira, achemwali. Pang'ono pokha, mbali imodzi, koma ndinawona. Ndinapezerapo mwayi n'kuti, "Ndiye diresi ya ukwati asoka ndani makina akapita?" Kumwetulira kuja kunazima. Anati, "Atelala ndi ambiri." Telala wa a Malume uja wabwera kale kudzayeza ngati makinawo angakwane pa wilibala yake.

Bwerani nawo alamu athuwo. Ndawakonzera mpando wachitsulo uja, wamatabwa sindikuukhulupirira.

Mzime


18 Meyi

Kwa iwe mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino monga ine ndili bwino, kupatula bondo.

Ndamva nkhani yako kudzera m'kalata imene sinalembedwe kwa ine, ngakhale ine ndine malume wako ndipo ndili moyo. Sindikudandaula. Ndangotchulapo.

Ine ndinagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi mpaka kupuma, ndipo palibe munthu amene anandidutsa ndi tikiti yabodza. Bamboyo umuuze abwere wokonzeka. Ndidzafuna kudziwa ntchito yake, kwawo, chimene wakhalira wosakwatira mpaka kunenepa, ndipo ngati anakwatirapo, mkaziyo anapita kuti ndipo anapita akuyenda kapena akuthamanga. Za mwendo sindikufuna kumva m'kalata, ndidzawona ndekha.

Jekete yanga yakuda yang'ambika m'khwapa. Ndinapita nayo kwa mayi ako, poganiza kuti pa nkhani yosangalatsa ngati iyi adzaiwala zokana. Anandipatsa phini. Ndiye tsiku limenelo sindidzakweza mkono, usadzayese ndakwiya.

Za makina usalowerere. Ine mlongo wanga ndimamuwona tsiku ndi tsiku akuyang'ana pakona paja ngati pali manda. Sindikuchita nkhanza, ndatopa kumuwona akutha.

Ubwere ndi mabatire a wailesi.

Malume wako


23 Meyi

Mzime, mayo ine!

Makalata anu awiri andipeza lero masana, a Khukhi atakwera kale basi ya m'mawa. Okha! Mnzanga wosita naye wabereka usiku wathawu, bwana wandikaniza kuchoka, ndiye ndinati bambo pitani, kwathu akudziwa zonse, akukudikirani. Ndinawajambulira ndi mapu omwe.

Ukwati wa chiyani, anthu inu? A Khukhi ali ndi mkazi wawo ndi zidzukulu! Dalaivala wa simenti uja ndikamugwira adzaitana amake. Kalata imene ili ndi nkhani yonse ili m'lole mwake.

Panopa ndikusita malaya a eni ake, ndawotcha kale kolala imodzi. Ndikuwona a Malume ndi jekete yawo, ndikuwona bambo wosalakwa akulowa pageti ndi kachikwama kake. Ndimafuna kuwachiritsa amayi, mwina ndawawonjezera bala. Undilembere msanga, usabise kanthu.

Mkulu wako wopusa


25 Meyi

Achemwali,

Pumani, tonse tili moyo, ndi a Khukhi omwe. Kalata yanu yotayika ija yafika lero m'mawa, yonunkha dizilo, dalaivala akupepesa chipewa chili m'manja. Yafika ntchito itatha. Imvani mmene zinayendera.

Anafika dzuwa lili pamutu, thukuta kamukamu, atavala buluku lotuwa lothina, looneka kuti analigula asananenepe. Titawona kuti inu palibe, Azakhali anandinong'oneza kuti, "Wamanyazi, watumiza mwamuna yekha." Tinawakhazika pampando wachitsulo. A Malume uko, mkono umodzi atauphatika m'nthiti. Amayi pampando wawo. Mayi wa makala pawindo, akunamizira kufuna chenje.

A Malume anakhosomola. "Bambo, mwana wathuyu munadziwana naye bwanji?"

"Pageti, bwana. Anandigwetsera tiyi."

"Muli ndi banja?"

"Kwambiri. Mayi akunyumba akupereka moni, ndiwo andiphikira mkate wapaulendo."

Azakhali anati, "Hii!" A Malume anaiwala, anakweza mkono, phini n'kuthawa. "Ndiye mkazi wanu akudziwa kuti mwabwera kuno?"

"Ndiwo anandikakamiza, bwana. Anati pita, amayiwo akawone, wakhala ukuwonetsa anthu osafunika."

Atatero anawerama n'kuyamba kupinda buluku. Pabalaza pathu, pamaso pa amayi! Linakwera bwino mpaka pabondo, apo linakana. A Malume akukuwa kuti bambo khalani ndi ulemu, iwo akukoka, nkhope itafiira. Kenako tinangomva kwee! Buluku lang'ambika kuchokera pabondo mpaka m'chiuno. Mayi wa makala anagwa pawindo paja.

Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiseke, koma ndinawona amayi. Sankayang'ana buluku. Anaimirira, anapita pa shelefu, anatenga magalasi awo osokera aja, amene sanawavale chichokereni asilikali aja. Anagwada pansi pafupi ndi mwendo wa mlendo. Anayendetsa chala pachipsera kuyambira pansi, pang'onopang'ono, monga amachitira poyendera mpendero wa kasitomala. 

Anati, "Wasoka apa ndi wamanzere."

A Khukhi anati, "Eya, mayi."

"Apa anaphwasula n'kubwereza. Mabowo ndi awiriawiri."

"Eya, mayi. Ndi mwana wanu."

A Malume anakhala pansi okha popanda wowauza.

Ndiye a Khukhi anafotokoza. Akuti linali tsiku loipa, anali m'kalasi ya sukulu ina imene anaisandutsa chipatala, mawindo onse osweka, kunja kukuphulika. Madokotala akuluakulu anali kutali, msewu utatsekedwa. Mankhwala oletsa ululu anali atatsala pang'ono, ndiye achimwene anawagoneka pa desiki n'kuti, "A Khukhi, ine ndiziimba, mukamva kuipa kwa nyimbo muiwala mwendo." Akuti zinathandizadi. Posoka ankawafotokozera za shopu yathu, za choko chimene amayi amaika kukhutu n'kumachifuna nyumba yonse, za inu ndi mphunzitsi wa makutu uja. Zonse amazidziwa bambo amene uja, ndi za ine zomwe, zoti ndinameza batani ndili mwana.

Atafika pakati, akuti achimwene anaima, anapendeketsa mutu, n'kukuwa ndi mawu a chizimayi, "Phwasula!" N'kuyambadi kuchotsa ulusi. A Khukhi akuti anakuwa, "Mwana iwe, uwu ndi mwendo, si siketi!" Achimwene n'kuyankha kuti, "Pepani bambo, pamenepa sipanagwirane bwino. Mwendo uwu mudzayenda nawo, ndipo tsiku lina mudzakumana ndi amayi anga. Ine manyazi sindifuna."

Amayi anaseka. Achemwali, anaseka kuseka kwawo kuja kwa m'shopu, kogwira m'mimba, misozi ikutsika m'magalasi. Ife tonse tinalira ngati ana, a Malume ndiye kuposa aliyense.

A Khukhi akuti atafika kuchipatala chachikulu, dokotala anali atakonza kale zodula mwendowo, koma atamasula bandeji anafunsa kuti wasoka ndani, n'kubweza zida zake. Akutinso si iwo okha. Anatchula wokonza mawailesi wina amene ali ndi msoko wa achimwene paphewa, dalaivala wa ambulansi ali nawo pamutu, ndi ena amene amakumana nawo akamakalandira mankhwala. Akuti akakumana amavula malaya n'kumapikisana kuti wopendekera kwambiri ndi wa ndani.

Amayi anafunsa okha za tsiku lomaliza. A Khukhi sanazungulire. Anati patapita milungu ingapo, achimwene anabereka mnyamata wovulala kumsana kuthamangira naye ku galimoto, anamufikitsa, akubwerera kukatenga wina ndi pamene chipolopolo chinawapeza. Sanavutike nthawi yaitali. Mnyamata anaberekedwayo ali moyo, amakhoma zidebe, ali ndi mwana wamkazi.

Amayi anabwezera dzanja pamwendo paja. Kenako anausisita kawiri n'kunena motsitsa, osati kwa ife, "Uwu usaphwasule. Wasoka bwino, mwana wanga."

Ndiye anaimirira, anapukuta magalasi, anayang'ana buluku lija n'kuti, "Koma bambo, mukwera basi chonchi? Anakusokerani ndani zinyalala zimenezi? Vulani." A Malume anathamanga kukawabwereka lawo, limene silinatseke pamimba, ndiye a Khukhi anadya chakudya chamasana atadzikulunga ndi nsalu yabuluu ija ya pamakina. Inde, yomwe ija. Amayi anaivundukula okha, anathamangitsa mphaka, anapempha mafuta. Lamba anali atauma, makina akulira ngati ngolo, koma anayenda. Anthu odutsa mumsewu ankaima kumvetsera.

Buluku sanalimalize tsiku lomwelo, akuti ali nalo maganizo. A Khukhi anabwerera dzulo ndi buluku la malemu bambo, ndiye mukawawona pageti musadabwe. Anadya mbale zitatu, munanena zoona.

Telala wa kumsika anabwera ndi wilibala yake lero. A Malume anakumana naye pageti n'kumufunsa kuti, "Makina ake ati?"

Azakhali okha ndiwo akhumudwa, akuti ndiye ukwati palibe? Mafuta anga odzola musaiwale.

Mzime


2 Juni

Mwana wanga,

Uli bwanji? Ine ndili bwino. Ndikulemba ndekha, Mzime amachulutsa nkhani.

Unditumizire masingano a makina, apakati ndi aakulu, lamba watsopano, ndi choko choyera. Chija ndinali nacho chasowa. Ulusi wakuda usagule wa pamsewu, umaduka.

Uleke kulira kuti unalakwitsa. Ukanandiuza bwinobwino kuti kukubwera munthu wa kunkhondo, ndikanadzitsekera kuchipinda. Ndinakhala pabalaza paja chifukwa ndimafuna kuwona mwamuna amene wakupirira.

Mayi wa makala wabweretsa madiresi awiri, mphunzitsi wamkulu akufuna mayunifolomu. Malume ako ndawasokera jekete, tsopano akukweza mkono ndi posafunika pomwe. Pa tsiku lokumbukira mlongo wako ubwere, bwana wakoyo umuuze kuti ndanena ine. Sitidzakhala chete ngati chaka chatha. Uwauze bambo aja abwere ndi anzawo onse amene mwana wanga anawasoka, wa phewa, wa mutu, ndi wa zidebe uja abwere ndi kamwana kake. Ndikufuna ndiyendere ntchito yonse. Kuphika adzaphika okha, si paja ndi akhukhi.

Buluku lawo ndatumiza limodzi ndi kalatayi, pa basi, osati pa lole. Ndalikulitsa m'chiuno. Pamene linang'ambika paja sindinatseke. Ndaikapo zipi yaitali, kuyambira kumpendero mpaka m'ntchafu, yolimba, yosachita dzimbiri. Uwauze kuti aliyense wofuna kuwona ntchito ya mwana wanga, asamavutike ndi kupinda. Azingotsegula.

Ndine mayi ako